Chipikapu cha Chiwongolero Kumanzere

Ine chibadwire sindinagwirepo chiwongolero cha galimoto. Ndine telala, ndipo nthawi imene ndikunenayi makina anga ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Zingwangwa. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti mudziwe mtundu wa munthu amene banja lathu linamutuma ku Zimbabwe kukagula galimoto.

Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo aliyense amene anali ndi chinthu cha matayala anayi ankachita matola. Evansi, mwana mmodzi yekhayo wa mchemwali wanga, anali atangotenga layisensi, ndevu zisanagwirizane n'komwe pachibwano. Bambo ake atamwalira, kuntchito kwawo anapereka ndalama, ndipo mchemwali anati zisathere m'mimba, zigule galimoto mwana azidyerapo. Masiku omwewo msuweni wathu, a Sitivini, mtchona amene ankaphika pa famu ina kufupi ndi Mutoko, anatumiza chithunzi. Dona wa pafamupo ankagulitsa pikapu ya malemu amuna ake, yochokera ku Amereka, yakalekale koma akuti yolimba ngati njanji. Pachithunzipo a Sitivini anaima kutsogolo kwake, mimba yawo itaphimba theka la galimoto. Tinaona mimbayo, tinaona matayala, tinakhutira.

Mchemwali anatiperekeza ku Wenela. Basi isananyamuke anandikokera pambali.

"Achimwene, malume ake ndinu. Galimoto ikavuta muisiye komweko, ndalama zikatayika zitayike. Koma mwanayu ndi yekhayu."

Ndinamuuza kuti asadere nkhawa. Ndinalankhula mokweza, monga amachitira munthu amene sakudziwa chimene akulonjeza.

Basi inadzaza ndi amayi a geni opita ku Harare kukaoda mabulangete ndi majuzi. Mtengo wa tikiti unandiwawa mpaka ku Lirangwe, kenaka ndinauiwala chifukwa cha mayi wina wonenepa amene anakhala nane, amene anandipanikizira pawindo ulendo wonse. Msewu umenewu ankaudziwa ngati khonde la nyumba yake. Titadinditsa mapasipoti pa Mwanza n'kuwolokera ku Zobue, anandigwira bondo.

"Bambo, kuyambira pano mukamva madzi, mukodzere patala pompo. Manyazi muwasiye ku Blantyre. Kutchireko kuli mabomba okwirira, sanawazule onse."

Nkhondo ya ku Mozambique inali itatha, koma msewu unali usanaiwale. M'mbali monse munali mafupa a malole opserera, ena udzu utamera m'kati. Agogo athu anachokera dziko lomweli, ndipo ndinkaganiza kuti ndikaliona mtima wanga udumpha. Mtima unangoti zii. M'basi anthu anasiya kucheza, mwana wina akalira amayi ake ankamutseka pakamwa ndi bere msanga. Evansi yekha ndiye sankaona zonsezi. Maso ake anali pa manja a dalaivala.

"Mdala uyu ndi wamantha, ankolo," anandinong'oneza. "Pajapa ine ndikanaovateka kalekale."

Pa Tete kunatentha moti shati inandimatirira pamsana. Tinafika pa Nyamapanda chipata chitatsala pang'ono kutsekedwa, mzere utafika kutali, ndipo tinagona pamakatoni pafupi ndi basi. Mawa lake tinatsikira pa Mutoko, pomwe tinadikira a Sitivini mpaka mthunzi wa sitolo utatisiya. Anabwera pa thirakitala, akulankhula Chinyanja cha makolo chosakaniza ndi Chishona, akufunsa za anthu amene tinawaika m'manda kalekale.

Galimotoyo inali m'shedi ya fodya. Kunena zoona, inali yokongola. Yobiriwira mofwifwa, mphuno yake yotambalala ngati ya mvuu, chitsulo chake chokhuthala moti ukachigogoda chala chimawawa. Evansi anaizungulira akuisisita. Kenaka anatsekula chitseko cha kumanja, analumphiramo, natambasula manja kuti agwire chiwongolero. Manjawo anagwira mphepo. Chiwongolero chinali uko, kumanzere.

"A Sitivini," ndinatero, "bwanji simunanene?"

"Inu munafunsa? Munafunsa za matayala ndi injini. Ku Amereka zonse n'zotere."

Safunsa anadya phula. Dona uja, nkhalamba yowonda ya chipewa cha udzu, anationa tikunong'onezana ndipo anafotokoza, a Sitivini akumasulira. Pamsewu wopanda kanthu palibe vuto. Vuto limabwera ukapeza lole kutsogolo. Woyendetsa amakhala kumbali ya tchire, ndiye saona chimene chikubwera. Amene wakhala kumanja ndiye amasuzumira n'kunena kuti pita kapena usapite. Donayo anachitira amuna ake zimenezo moyo wawo wonse, ndipo chimwalirireni bamboyo palibe amene anaitulutsanso pamsewu waukulu.

Ine ndinati tibwerere. Evansi anagwetsa misozi yeniyeni pamaso pa mzungu. A Sitivini anati awachititsa manyazi kwa bwana wawo. Ndipo inenso, ndisaname, ndinaganiza za anthu a pamsika amene ndinawauza kuti ndibwera pagalimoto. Tinagula.

Tinanyamuka m'mawa kutacha bwino, a Sitivini atatipatsa chigubu cha madzi ndi nkhuku yootcha. Injini ikalira inkamveka m'chifuwa. Petulo inkamwa ngati chidakwa cha kachasu, ndipo pofika pa Nyamapanda tinali titathiramo kale kawiri. Mapepala otulutsira galimoto anatidyera theka la tsiku. Mbali ya Mozambique anatiuza kuti sitingadutse popanda inshuwalansi ya m'dziko mwawo, imene iwo amati seguro. Ankagulitsa m'kanyumba ka malata, ndipo wogulitsayo anali bambo wachikulire wolankhula Chinyungwe, chimene munthu wokulira pakati pa Asena a m'tauni amachimva ndithu. Anayang'ana layisensi, anayang'ana Evansi, kenaka anatuluka kukaona galimoto. Anasuzumira pawindo nthawi yaitali.

"Mbali iyi akhala ndani?"

"Ine," ndinatero.

"Mumayendetsa?"

"Ayi."

Anabwerera m'kanyumba muja, anadinda pepala, anandipatsa ndi manja awiri ngati akupepesa maliro. Ndikanakonda akanatitukwana.

Tinapangana ndi Evansi kuti iye azifunsa, ine ndiziyankha mawu amodzi, pita kapena ayi. Poyamba zinayenda. Tinapitirira ngolo ya ng'ombe, tinapitirira thirakitala, tinapitiriranso basi ina yofuka utsi. Ndinayamba kudzimva. Ndinatulutsa chigongono pawindo ngati mwini msewu, n'kumaganiza kuti ntchito ya madalaivala amangoikuza pakamwa.

Titadutsa Changara tinapeza lole yonyamula matumba a chimanga, ikuyenda ngati ikupita kumanda. Utsi wake unkalowa m'maso. Msewu unali wopapatiza, m'mphepete mwake modyekadyeka.

"Ankolo, bwanji?"

"Ayi."

Basi inadutsa.

"Pano?"

"Ayi."

"Ankolo, tigona pano? Injini ikutentha ndi sipidi imeneyi."

Ndinasuzumira. Msewu unawongoka mpaka kutali, ukunyezimira ndi dzuwa ngati pathiridwa madzi. Kumapeto kwake kunali kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ndinakayeza ndi maso a munthu woyenda pansi, amene amadziwa kuti kuchoka pa Zingwangwa kufika pa Kudya umatuluka thukuta. Ndinaona kuti kali kutali.

"Pita."

Evansi anatulutsa galimoto. Apo ndi pamene ndinaona kuti lole ija inkakoka ngolo ina kutsogolo kwa imene tinkaionayo, yaitali ngati sitima. Ndipo kabokosi ka machesi kaja kanali katasanduka thankala ya mafuta, nyali zake zikuthwanima, hutala ikulira mosalekeza. Inkabwera molunjika pa ine, pakuti mpando wanga ndi umene unali mbali imene inkabwererayo. Kumanja kunali tchire lija lomwe anatiletsa ngakhale kukodzamo. Evansi anaponda mafuta mpaka pansi, chigalimoto chinabangula, ndipo tinalowa kutsogolo kwa lole ija ngati ulusi pa singano. Ndinamva phokoso pafupi ndi khutu langa. Galasi loonera m'mbuyo la mbali yanga linali litapita ndi thankala.

Sitinayende mtunda wautali, nthunzi inayamba kutuluka m'boneti. Evansi anaimitsa patala pomwepo, matayala awiri okha ali m'mphepete, chifukwa kupitirira apo panali miyala yopakidwa utoto wofiira, chizindikiro cha mabomba. Anatsika, anagwira chitseko, nasanza nkhuku yonse ya a Sitivini. Lole ya chimanga ija inatipeza, dalaivala wake anatulutsa mutu n'kutilozera chala kumutu kwake, napitirira.

Tinadikira injini izizire. Madzi athu akumwa tinawathira onse mu rediyeta ndipo sanakwane. Panalibe nyumba, panalibe mthunzi, koma ntchentche ndi milambe yoima patalipatali. Galimoto zikamadutsa sizinkaima, pakuti pamsewu umenewo anthu anali asanayambirenso kukhulupirirana. Iliyonse ikamabwera tinkakanirira kuchitseko kuti isatigunde, popeza kothawira kunalibe. Ndinakhala pa tayala, ndikuganiza mawu amene ndikanakauza mchemwali wanga. Ndinayesa angapo mumtima. Onse ankathera pa mawu amodzi aja amene ndinanena ine.

Dzuwa litapendeka kunatulukira bambo wina wa mwendo umodzi, akuyenda ndi ndodo ziwiri m'kanjira kakang'ono kamene ife sitinakaone n'komwe. Anatiyang'ana, anayang'ana boneti, natiuza kuti chitsime chilipo koma timutsate poponda iye pokha. Ndinamuletsa Evansi kupita. Ndinatenga chigubu ndekha n'kumutsata bamboyo, maso ali pa mabowo amene ndodo zake zinkasiya m'fumbi. Sindinamufunse za mwendowo. Pobwerera ndinampatsa shati yanga yabwino, imene ndinasokera ulendo womwewu.

Nditafika ndinapeza Evansi atasintha. Mantha aja anali atamuchoka. Anakhala pa boneti akugwedeza miyendo, akumwetulira.

"Koma ankolo, mwaiona pawa yake? Ikanakhala ya ku Japan tikanafa. Iyi ukaiponda imamvera."

"Evansi, tinatsala pang'ono kufa."

"Chifukwa cha inu. Inu sipidi simuidziwa. Galimotoyi ndiye yatipulumutsa."

Theka la mawu akewo linali loona. Koma mantha amene ndinamva pamenepo anaposa a thankala aja. Mwana anali ataona imfa maso ndi maso, ndipo chimene anaphunzirapo n'chakuti galimoto yake imathamanga kuposa imfayo.

Tinagona pa Tete, pabwalo la malo omwetsera mafuta pomwe pankagona madalaivala a malole. M'mawa tinawoloka mlatho wautali uja wa Zambezi, ndipo titangodutsa Moatize ndinazindikira kuti Evansi wasiya kufunsa. Akapeza lole ankangoitulutsa galimoto pang'onopang'ono, khosi atalitalikitsa, mpaka aone yekha. Koma kuti iye aone, theka lonse la galimoto, ndi ine ndemwe, linkayenera kukhala kale mbali ya eni ake. Kawiri konse anabweza mwadzidzidzi, mphepo ya basi ikutigwedeza.

"Funsa, iwe!"

"Ndikuona, ankolo. Khalani phee."

M'mapiri okwera ku Zobue, momwe msewu umakhotakhota, ndinkangonena ayi, ayi, ayi, osafunsidwa. Mwina ankamva, mwina ayi. Dzanja langa linachita dzanzi chifukwa chogwira chitseko.

Pa Mwanza galimoto inayenera kulipiridwa msonkho, ndipo mapepala ake anatisunga masiku. Tinkadya chipisi cha pachiwaya ndi nthochi, tikugona m'galimoto momwemo, mmodzi pampando wina kumbuyo. Madalaivala a malole ankabwera kudzaiona ngati nyama ya kumalo osungira zinyama. Achinyamata ankaisirira. Achikulire ankasuzumira pawindo, n'kundiyang'ana ine, n'kuchoka. Ndinaganiza zambiri masiku amenewo. Ndinaganiza zoisiya pompo iwolere pa boda. Ndinaganiza zothira mchenga mu injini Evansi akapita kukasamba. Koma m'galimotomo munali thukuta lonse la malemu mlamu wanga, ndipo dzanja langa linakana.

Tsiku lomaliza ndinamukhazika pansi.

"Tikafika tiigulitse. Tipeze ina yaing'ono, ya chiwongolero cha kuno."

"Agule ndani? Inu nomwe mukuiopa. Ndipo ndalama si zanu, ankolo, ndi za adadi."

Chibadwire anali asanandiyankhepo choncho. Tinayenda kuchoka pa Mwanza, kudutsa Zalewa ndi Lunzu, osalankhulana. Pa raundabauti ya Kameza ana anatithamangira akukuwa kuti galimoto ikuyenda yopanda dalaivala, poona ine ndakhala kumanja manja ali pamiyendo. Ndinamuumiriza Evansi kuti tiime pa Chirimba, kwa makaniko wina amene ndinkamusokera maovolosi, ndimufunse ngati chiwongolero chingasamutsidwe. Anagona pansi pa galimoto, anatuluka akupukuta manja.

"Akulu, zitsulo zake muchite kuitanitsa ku Amereka. Ndikangowotcherera zanga, tsiku lina siteringi idzatsala m'manja."

Tisanapite kunyumba tinalowa m'tauni kukagula inshuwalansi ya kuno. Ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya nsalu. Kalaliki wa tayi anatilandira bwino mpaka pamene anamva zaka za galimoto ndi zaka za woyendetsa. Anatsika nafe kukaiona, ndipo pokwera masitepe ankapukusa mutu.

"Bambo, galimoto ndi yaikulu kuposa dalaivala wake. Dalaivala ndi mwana, layisensi ndi ya dzulodzulo, siteringi ili kolakwika. Inshuwalansi yonse sitingapereke. Tikupatsani yaing'ono, yongokwaniritsa lamulo."

"Imeneyo imatani?"

"Imalipira munthu amene mwanayu wamugunda."

"Nanga iyeyo?"

Kalaliki anayang'ana Evansi, amene anali pawindo kuyang'anira galimoto yake pansi.

"Iyeyo ayi, bambo."

Ku Zingwangwa anatilandira ndi nthungululu. Chigalimoto chinatseka kanjira konse ka kwathu, ndipo anthu anachita kutuluka m'nyumba. Mchemwali anamukumbatira mwana wake, anamugwiragwira mapewa ndi nkhope ngati akuwerenga ziwalo. Za galasi lothyoka sanafunse. Chimene anafuna kuona ndi kapepala kozungulira kamene tinamata pagalasi lakutsogolo. Anakasisita ndi chala.

"Ndiye inshuwalansi imeneyi?"

"Ndi imeneyo."

"Ambuye alemekezeke. Amayi a kumpingo anandiuza kuti galimoto ikakhala ndi imeneyi ndiye kuti yatetezedwa, ngozi siiyandikira. Achimwene, lero ndigona tulo."

Ndinatsekula pakamwa. Ndinaona nkhope yake, yomwe chimwalirireni mwamuna wake inali isanawalepo chotero, ndipo ndinatsekanso. Evansi anali kale pakati pa anzake, akuwauza kuti Lolemba ayamba matola a ku Chikwawa, kumene kuli ndalama chifukwa minibasi zimaopa mapiri. Wina anamufunsa za mpando wakutsogolo. Anati umenewo ndiye wa ndalama zambiri, azikhalapo aliyense amene walipira bwino, kaya ndi agogo, kaya ndi mayi wa mwana kumsana.

Lamulungu masana ndinapita pakhonde paja. Ndinabweza nsalu za eni ake, zina zodulidwa kale, ndikupepesa. Mayi wina wa diresi la ukwati ananditukwana mpaka anthu anasonkhana, ndipo anali ndi chifukwa. Ndinanyamula makina pamutu kupita nawo kunyumba, ndinawathira mafuta, ndinawaphimba ndi chitenje.

Lolemba Evansi potuluka m'nyumba ndi makiyi anandipeza nditakhala kale kumanja, chipewa chili pamaondo.

"Ankolo, mpando umenewo ndi wa makasitomala."

"Ndilipira."

"Mukutsikira pati?"

"Pomwe ukazimitsire injini madzulo."

"Lero lokha?"

Anaima kanthawi akuseweretsa makiyi, nsagwada zitalimba ngati za malemu bambo ake. Amayi ake anali pakhomo ndi tsache, akutimwetulira tonse awiri. Evansi analowa, analiza injini.

Tinanyamula anthu ndi mitolo yawo mpaka kumbuyo kunadzaza, ena atakhala m'mphepete miyendo ili panja. Titayamba kutsetsereka mapiri a ku Chikwawa, chigwa chikuoneka pansi patali, tinapeza lole ya simenti ikutsika pang'onopang'ono, mabuleki ake akununkha. Evansi anaitsatira. Ndinaona zala zake zikugunda chiwongolero. Ndinamva galimoto ikuyamba kusendera ku mzere wa pakati, mbali yanga ikutuluka pang'ono, pang'ono. Kumbuyo wina ankaimba nyimbo ya kwaya. Ndinagwira chitseko, osanena kanthu.

Kenaka galimoto inabwerera m'malo mwake. Evansi sanandiyang'ane, ndipo mawu ake anatuluka otsika.

"Ankolo, bwanji?"

"Ayi," ndinatero, ndisanayang'ane n'komwe kutsogolo.